Chishalo chisakutsitseni pa njinga

Lamulungu lina titamaliza kuyeza anthu BP pa tchalitchi pathu, bambo wina amene timapemphera nawo anandikokera pansi pa mtengo wa mango. BP yawo inali itakwera poyerekeza ndi chaka chathacho, ndipo thupi linali litawonjezekera. Zinandidabwitsa chifukwa ndinkawadziwa kuti ndi munthu wa njinga. Kwa zaka zambiri ankapalasa makilomita pafupifupi 12 popita ku ntchito, 12 enanso pobwerera.

"Achimwene, njinga ija ndinaiimika," anatero motsitsa mawu. "Ndikatsika ndimamva dzanzi kunsi kuno, nthawi zina mpaka madzulo. Kunatulukanso kachithupsa. Mayi akunyumba anati ndisiye ndisanadzipweteke."

Apa n'kuti atatha miyezi isanu ndi itatu akukwera minibasi. Ndalama ya ndiwo inkathera kwa kondakitala, ndipo maseweresa olimbitsa thupi okhawo amene anali nawo pa moyo wawo anali atawasiya. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mwamphamvu pang'ono kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Bambowa ankapitirira pamenepo popanda kuganizirako n'komwe. Ife a Adventist timaphunzitsa kuti kulimbitsa thupi ndi amodzi mwa mankhwala achilengedwe asanu ndi atatu aja, koma sindinamvepo phunziro la zaumoyo lokamba za chishalo, pamene ndi chimene chimatsitsa anthu ambiri pa njinga.

Madzulo ake ndinapita kukaiona njingayo. Chishalo chinali chitang'ambika kalekale, ndipo eni ake anamangirirapo siponji wa matiresi ndi malegeni. Mphuno yake inaloza kumwamba. Chinalinso chotsika kwambiri, ngati cha mwana wa sukulu.

Kuti timvetse chimene chinkawapweteka, tiyambe ndi thupi lenilenilo. Mukakhala pa benchi yolimba ya m'tchalitchi mumamva mafupa awiri m'matako akugunda thabwa. Mafupa amenewo ndiwo anapangidwa kuti azinyamula thupi tikakhala pansi. Pakati pawo, kutsogolo pang'ono, pali malo ofewa pamene pamadutsa mitsempha ya magazi ndi mitsempha yotithandiza kumva ku ziwalo zobisika. Chishalo chabwino chimanyamula mafupa awiri aja n'kusiya pakatipo pomasuka. Chishalo choipa chimalowa pakati n'kufinya mitsemphayo, ndipo dzanzi limachokera pamenepo, kwa abambo ndi amayi omwe. Ku America, bungwe la boma loona za umoyo wa anthu pa ntchito la NIOSH linafufuza apolisi oyenda pa njinga tsiku lonse, ndipo mu 2009 linalangiza kuti antchito otere azigwiritsa ntchito zishalo zopanda mphuno pofuna kuchepetsa vutoli.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Tikamva kupweteka timathamangira kuwonjezera siponji. Siponji wofewa kwambiri amakoma mphindi khumi zoyamba. Kenako mafupa aja amamira, siponjiyo n'kutukumuka pakati, pomwe paja sipafunika kufinyidwa. Amasunganso thukuta, ndipo tsiku la mvula amamwa madzi. Kwa munthu wopalasa tsiku ndi tsiku, chishalo cholimbirako koma chokwana bwino chimaposa chofewa ngati pilo.

Kukwana kwake mungakuyeze kunyumba. Dulani kachidutswa ka katoni, ikani pa sitepe kapena pa mpando wa thabwa, khalanipo mutavala chovala chopyapyala, weramirani kutsogolo pang'ono monga mumachitira pa njinga, ndipo dikirani theka la mphindi. Mukadzuka muona timaenje tiwiri. Yezani ndi rula kuchokera pakati pa kadzenje kamodzi kufika pakati pa kena. Kwa akuluakulu ambiri mpatawu umakhala pakati pa masentimita 10 ndi 14, ndipo kwa amayi kawirikawiri umakhala wokulirapo. Chishalo chanu, pamalo ake otambalala kumbuyo, chipose muyeso umenewu ndi masentimita awiri kapena atatu. Kunenepa kapena kuwonda sikusintha mafupa, choncho musagule chishalo poyang'ana kukula kwa thalauza lanu. Tengani rulayo popita kumsika.

Mtundu wa njinga nawonso ndi nkhani. Pa njinga zathu zakuda zija, za mtundu wa Hero kapena Humber, ngakhalenso Buffalo, munthu amakhala chowongoka ndipo thupi lonse limatsamira pa chishalo. Pamenepo pamafunika chishalo chotambalala, makamaka chokhala ndi masipuling'i kunsi ngati msewu wanu uli wa mabampu. Njinga zambiri za kaunjika zimabwera ndi kachishalo kowonda, kopangidwira munthu wowerama kwambiri amene mbali ina ya thupi lake imatsamira pa mahandulo. Ena amakweza mahandulo a njinga zotere kuti azikhala chowongoka, n'kusiya kachishalo komweko, kenako n'kumadandaula kuti njinga za kunja n'zopweteka. Komanso chishalo chachikulu pa njinga yowerama chimakhula m'mphechepeche.

Musanatulutse ndalama, yambani mwagwira sipanala. Zishalo zambiri zimene anthu amataya zinalibe mlandu, zinangomangidwa molakwika. Imikani njinga pamalo osalala, ikani kathabwa pamwamba pa chishalo ndipo muone ngati kagona mofanana. Mphuno ikaloza kumwamba imafinya malo ofewa aja. Ikaloza pansi kwambiri mumatsetserekera kutsogolo, manja ndi mapewa n'kumatopa. Za kutalika, tsamirani khoma, khalani pa chishalo, pondani pedulo ndi chidendene ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke popanda kupendeketsa chiuno. Mukamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi, bondo lidzapindika pang'ono, ndipo m'pamene pafunika. Chishalo chotsika chimapweteketsa mawondo ndipo chimaunjika thupi lonse m'matako. Chokwera kwambiri chimachititsa chiuno kugwedezekera uku ndi uku, khungu n'kumanyuka. Chitsulo chimene chishalo chimakhalapo nthawi zambiri chimakhala ndi kamzere kosonyeza malire. Musachikweze kupitirira kamzereko chifukwa chingathyoke muli pa liwiro.

Sinthani chinthu chimodzi, pang'ono pokha, n'kupalasa masiku angapo musanasinthe china. Ngati mwangoyamba kumene kapena munasiya nthawi yaitali, kuwawa kwa pa mafupa aja m'masabata awiri oyamba n'kwachibadwa ndipo kumatha. Dzanzi ndilo losazolowereka. Limenelo ndi chenjezo.

Zithupsa zimayamba ndi kukhulana, thukuta ndi tizilombo ta pakhungu. Thalauza la jinzi lili ndi msoko wokhuthala pakati penipeni, ndipo kulipalasira ulendo wautali n'kudziputira mavuto. Valani chamkati choyera tsiku lililonse, ndipo mukafika sambani kapena dzipukuteni n'kusintha. Ndikudziwa kuti si malo onse a ntchito amene ali ndi bafa, koma kansalu ndi kabotolo ka madzi sizilemera. Pa msewu, muziimirira pa mapedulo kwa kanthawi mphindi khumi zilizonse, komanso podutsa mabampu, kuti magazi ayende. Chishalo muzichiphimba ndi jumbo mukaisiya njinga panja nthawi ya dzinja.

Pali zina zimene sipanala sangakonze. Ngati dzanzi likukhalitsa maola ambiri mutatsika, ngati mukuvutika pokodza kapena mwaona magazi, ngati mphamvu za m'banja zachepa, kapena chithupsa chikukula, chikutuluka mafinya ndipo thupi likutentha, siyani kupalasa mupite ku chipatala. Musachite manyazi, madokotala amamva zoterezi tsiku ndi tsiku. Odwala shuga asamale koposa, chifukwa zilonda zawo zimachedwa kupola. Abambo amene auzidwa kukayezetsa magazi a prostate, aja amati PSA, apumire njinga masiku awiri asanapite, popeza kupalasa kwambiri kungakwezeko zotsatira zake.

Bambo anga aja tinayamba ndi kudula malegeni n'kutaya siponji. Tinakhala pa katoni mosinthana, ana awo akutiseka pakhonde. Lachiwiri lake anakagula chishalo cha masipuling'i pa ndalama yosaposa imene ankalipira minibasi sabata imodzi, ndipo tinachikweza ndi masentimita anayi kuposa chakale. Ndinawaumirizanso kuti akaonetse kachithupsa kaja ku chipatala asanakwerenso, ndipo anapitadi ngakhale monyinyirika.

Patapita mwezi ndinakumana nawo m'mawa pa mlatho, chikwama cha nkhomaliro chili pa kaliyala. Sanaime. Anangoliza belu n'kukuwa kuti mawondo asiya kuwawa, koma tsopano mayi akunyumba akufuna kuti ndikaonenso chishalo cha njinga yawo.