Ngozi Yolephereka Isabisidwe pa Malo a Ntchito

Pa 1 Disembala 1974, ndege ya kampani ya TWA imene inkakatera pa bwalo la Dulles, pafupi ndi mzinda wa Washington ku America, inawomba phiri la Mount Weather ndipo anthu onse 92 anafa. Ofufuza anapeza kuti oyendetsa anatsitsa ndegeyo msanga chifukwa sanamvetse bwino malangizo a oyang'anira maulendo a ndege. Chomvetsa chisoni n'chakuti milungu isanu ndi umodzi m'mbuyomo, ndege ya United Airlines inapulumuka mwamwayi paphiri lomwelo, pa chifukwa chomwecho. Oyendetsa ake anauza kampani yawo, ndipo kampaniyo inachenjeza antchito ake okha. Chenjezolo silinafike kwa a TWA.

N'chifukwa chake mu 1976 bungwe la NASA linayamba kulandira malipoti achinsinsi a zolakwika za paulendo wa ndege. Dzina la wopereka lipoti limachotsedwa, ndipo phunzirolo limagawidwa kwa onse. Wolakwitsa mosafuna, akanena pasanathe masiku 10, kawirikawiri sapatsidwa chilango. Wophwanya lamulo mwadala sakhululukidwa ayi.

Njira imeneyi si ya zandege zokha. Pachigayo, lamba amatha kukola malaya a wogayitsa iye n'kupulumuka. M'munda, mpope wopopera mankhwala umadontha pamsana. Kumigodi ing'onoing'ono, dothi limayamba kugumuka pang'onopang'ono dzenje lisanakwirire anthu. Zoterezi zimaonedwa ndi antchito, koma ambiri amangokhala chete poopa kudulidwa malipiro kapena kuchotsedwa ntchito. Bwana amene amangofunsa kuti walakwa ndani amapezadi womulanga, komatu lamba uja amakhalabe wosatchinga, kudikira munthu wina.

Kuno ku Malawi, lamulo la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pa malo a ntchito limapereka udindo woteteza antchito kwa olemba ntchito. Choncho eni zigayo, minda, magalaja ndi migodi akupemphedwa kusunga kabuku kolembamo ngozi zolephereka: chinachitika n'chiyani, nthawi yanji, makina anali bwanji, wantchito anali atagwira maola angati. Funso lomalizali ambiri amalidumpha, chonsecho kutopa kumagwetsa m'ngozi ngakhale akatswiri. Wonena auzidwe chimene chakonzedwa, ndipo anzanu a ntchito yofanana m'dera lanu adziwitsidwe kudzera m'makalabu a alimi ndi m'makomiti a pamsika.