Kuchepa kwa Apolisi ndi Udindo wa Achitetezo cha M'mudzi

Pamisonkhano ya makomiti a chitukuko pali dandaulo limodzi limene silisowa: mbava zikathyola golosale kapena khola usiku, apolisi amafika kutacha, mwinanso osafika n'komwe. Ena amati ndi ulesi, ena amati ndi ziphuphu. Wapolisi wolakwa ali ndi koyankha mlandu wake, koma pali chifukwa china chimene ambiri sachiganizira. Apolisi alipo ochepa poyerekeza ndi anthu amene akuwateteza.

Kalembera wa 1998 adapeza kuti m'Malawi munali anthu 9.9 miliyoni. Mu 2008 adakwana 13.1 miliyoni, ndipo pofika 2018 adapitirira 17.5 miliyoni. Mlingo umene umatchulidwa kawirikawiri ndi wakuti wapolisi mmodzi aziyang'anira anthu 500, koma kuno amayang'anira anthu oposa 1,000. Sukulu zophunzitsa apolisi, monga ya ku Kanjedza mu Limbe ndi ya ku Mtakataka m'boma la Dedza, zimatulutsa apolisi atsopano, komabe ena amakhala akupuma pantchito, ena kumwalira, pamene anthu akuchulukirabe.

Apolisi amene ali pa polisi imodzi sapezekanso onse nthawi imodzi. Polisi sitseka, choncho amasinthana usana ndi usiku. Mwa amene ali pantchito, ena amakhala pa kauntala kulandira madandaulo, ena kulondera zitokosi, ena kuperekeza oganiziridwa ku khoti ndi kuimira boma pa milandu. Pali a pamsewu, ofufuza milandu, ndi a ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nyengo ya mayeso a MANEB kapena ya chisankho ikafika, enanso amatumizidwa kumeneko. Otsala oti ayendere madera usiku amakhala owerengeka, ndipo galimoto ikakhala kuti yapita kwina, wodandaula wachiwiri amadikira.

Anthu ambiri amapempha khonsolo kuti iwabweretsere apolisi. Khonsolo silemba apolisi ntchito, ndipo siwagawa m'madera. Udindo umenewu uli m'manja mwa likulu la polisi ku Area 30 mu Lilongwe. Chimene khonsolo ndi anthu angachite ndi kukonza malo. Dera limene likufuna polisi yaing'ono liyambe lakambirana ndi mkulu wa polisi, pempho lidutse ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya dera, ndipo dongosolo lake likhale ndi nyumba za apolisi. Ofesi yopanda nyumba zogona imatha kukhala yotseka, njerwa ndi thukuta la anthu n'kupita pachabe.

Pofuna kutseka mpata umenewu, apolisi adayambitsa ndondomeko ya chitetezo cha m'mudzi mu 1997, ndipo lamulo la apolisi la 2010 lidaipatsa mphamvu. Kwa nyakwawa kumakhala komiti yopewa umbanda, kwa gulupu kumakhala gulu loyang'anira makomiti amenewa, ndipo kwa mfumu yaikulu kumakhala bwalo limene limakumana ndi apolisi. M'matauni ntchitoyi amaigwira aneba. Phindu lake n'lodziwikiratu: mwini mudzi amadziwa njira imene ng'ombe zobedwa zimadutsa, nyumba imene imalandira katundu pakati pa usiku, ndi khomo limene mwana akuzunzidwa. Wapolisi wochokera kutali sangazidziwe zimenezi popanda womutsina khutu.

Komabe wachitetezo cha m'mudzi si wapolisi. Lamulo limalola munthu wamba kugwira amene wamupeza akupalamula mlandu waukulu, koma limamulamula kukamupereka ku polisi mosachedwa. Silimulola kumenya, kumanga munthu pamtengo usiku wonse, kulipiritsa chindapusa, kapena kulanda ndalama kwa oyenda usiku. Kumenya kapena kutentha woganiziridwa ndi mlandu, ndipo akafa, onse amene adatengapo mbali amayankha mlandu wakupha, ngakhale womwalirayo adabadi.

Chimene chimautsa mkwiyo kawirikawiri ndi kuona woganiziridwa atabwerera kumudzi patangopita masiku awiri. Malamulo aakulu a dziko amati munthu womangidwa akaonekere ku khoti pasanathe maola 48, apo ayi atulutsidwe. Belo ya ku polisi ndi yaulere, ndipo kutuluka pa belo sikutanthauza kuti mlandu watha. Umatha ngati mboni zakana kukaonekera ku khoti. Amene waumirizidwa kupereka ndalama ya belo, kapena wachitiridwa nkhanza ndi wapolisi, akadandaule kwa mkulu wa polisiyo kapena ku bungwe la Independent Complaints Commission, limene limafufuza madandaulo okhudza apolisi.

Chitetezo chikafooka, chitukuko chimabwerera m'mbuyo: zipangizo za mijigo zimabedwa, masola a pa chipatala amazulidwa, ndipo wamalonda amasamukira kwina. Mudzi uliwonse uonetsetse kuti komiti yake ilipo, idasankhidwa poyera, muli amayi ndi achinyamata, ndiponso mayina a mamembala ake akudziwika ku polisi. Mabanja ndi eni masitolo athandize ndi matochi, mawezulo ndi mayunitsi a foni, ndipo ndalama zoperekedwa zizilembedwa m'kaundula woti aliyense atha kuona. Kumene komiti idafa, anthu auze nyakwawa ndi khansala wawo kuti aitane wapolisi woona za chitetezo cha m'mudzi adzaidzutse nyengo yokolola isanafike.