Mau a Chingerezi ena tili nawo kale pakamwa

Mwezi wathawu mayi wina wochokera kufupi ndi nyanja ya Amaramba anandiimitsa pa msika wa Mandimba. "Inu a pa wailesi, tandithandizani," anatero mayiwo. "Mwana wanga anagwa Chingerezi pa mayeso a kalasi 12. Ndagulitsa nsomba zouma kuti abwereze chaka chino. Kodi Chingerezichi chimagulidwa kuti?"

Dandaulo limeneli si la mayi mmodzi yekha ayi. Mwana wa kuno amakula akuyankhula Chiyao, Chinyanja kapena Chimakua, kusukulu nkukapeza Chipwitikizi, ndipo Chingerezi chimadza pambuyo ngati mlendo wofika usiku. Malamulo a galamala ambiri amaloweza ndithu, koma pa mayeso akapatsidwa kankhani koti awerenge, mau amamuthawa. Komatu dziko lathu la Mozambique linalowa m'bungwe la Commonwealth m'chaka cha 1995, ndipo maiko onse asanu ndi limodzi amene tinachita nawo malire amagwiritsa ntchito Chingerezi m'boma kapena m'sukulu. Wofuna ntchito pa chipata cha Mandimba, kapena wopita kukagula katundu ku Mangochi, sangachilambalale.

Chimene ana ambiri sadziwa nchakuti ali ndi nkhokwe zitatu za mau zimene sanazitsegule.

Nkhokwe yoyamba ndi Chinyanja chathu chomwechi. Tikamati buku, sukulu, tebulo, supuni, sopo, kapu kapena basi, tikutchula mau amene makolo anabwereka kwa Angerezi: book, school, table, spoon, soap, cup ndi bus. Apa mwana sayamba kumene ayi. Tanthauzo akulidziwa kale, chatsala nkuphunzira kalembedwe kake basi.

Nkhokwe yachiwiri ndi Chipwitikizi, popeza zinenero ziwirizi zinatunga mau ambiri pa chitsime chimodzi cha Chilatini. Mau othera ndi -ção kawirikawiri m'Chingerezi amathera ndi -tion: nação ndi nation, educação ndi education, informação ndi information. Othera ndi -dade amasanduka -ty, monga cidade ndi city, universidade ndi university. Naye finalmente m'bale wake ndi finally. Mwana akagwira njira zitatuzi wapeza mau ochuluka tsiku limodzi.

Koma chenjerani, nkhokweyi muli anankafumbwe. Parents ndi bambo ndi mayi okubereka, osati parentes amene ndi abale onse. Library ndi nyumba yowerengeramo mabuku, pamene livraria ndi sitolo yogulitsa mabuku. Ine ndemwe, ndili mnyamata, ndinalimbana ndi chitseko cha ofesi ina ku Malawi cholembedwa push. Mutu unandiuza kuti ndi puxar, ndiye ndinakoka ndi mphamvu zonse, chonsecho mauwo amatanthauza kukankha. Mlonda anaseka mpaka misozi, koma mau amenewo sindinawaiwalenso.

Nkhokwe yachitatu ili patsidya pa malire. Wailesi ya MBC ya ku Malawi imawerenga nkhani m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mwana ayambe wamvera za m'Chichewa, kenaka atchere khutu za m'Chingerezi. Popeza nkhaniyo waidziwa kale, mau atsopano amangogwera m'malo mwake. Mapepala a shuga, sopo ndi mbeu amene amalowa kudzera pa Chiponde nawonso ndi olembedwa m'Chingerezi, choncho musawayatsire moto mwana asanawawerenge. Tisaiwalenso amalume ndi azakhali amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, mtendere usanasainidwe ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ena mwa iwo anaphunzira sukulu komweko, ndipo Chingerezi chawo chikungochita dzimbiri m'midzimu popanda wochifunsa.

Nanga mwana achite bwanji tsiku ndi tsiku? Akhale ndi kope limodzi la mau okhaokha. Tsiku lililonse alembe mau asanu, osapitirira apo, ndipo liu lililonse alipangire chiganizo chonena za kwawo: bwato, ukonde, munda wa chimanga, sitima ya ku Cuamba. Liu lolembedwa lokha limauluka, koma lomangidwa m'chiganizo limakhazikika. Loweruka atseke kope nkudziyesa yekha, kapena afunsane ndi mnzake. Mau asanu pa tsiku kwa masiku asanu ndi mau 25 pa mlungu, ndipo pa milungu 40 akwana 1,000. Paja akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Makolo, musadziderere poti inu Chingerezi simuchimva. Madzulo aliwonse muuzeni mwana akuonetseni kopelo ndipo atchule mokweza mau a tsikulo. Ngati tsamba lili loyera, maso anu aona. Ndipo mwana wamkazi mumpatseko mpata kusanade, asamathere dzuwa lonse ku chitsime ndi pa mtondo pamene mlongo wake ali pa buku. Mayeso sasankha kuti uyu anali kusinja.

Mayi a ku Amaramba aja ndinawayankha kuti, "Amayi, Chingerezi sichigulitsidwa pa msika uno. Muguleni kope, cholembera ndi mabatire a wailesi." Anamasula mfundo ya pa chitenje nkuwerenga ndalama zawo, ndipo zinakwana.