Mwana wamasiye nayenso apite kumsasa

Kuyambira Januwale 2022, boma la Zambia linachotsa fizi m'sukulu zake mpaka Giredi 12, ndipo ana ambiri anabwerera m'kalasi. Koma ine chimene chimandiwawa ndi holide. Sukulu zikatsekera, mipingo ya ku Chipata imakonza misasa ya achinyamata, monga ya ma Pathfinder a Adventist, komwe ana amaphunzira kukhoma tenti, kuimba ndi kuthandiza wovulala. Ulendowo umalira ndalama ya basi, chakudya ndi bulangeti, zomwe agogo olera adzukulu sangakwanitse. Wamasiye amatsala pakhomo ndi chisoni chake. Abale anga a ku Kapata ndi Mchini mu Chipata, funsani atsogoleri a achinyamata mtengo wa malo amodzi, mulipirire mwana mmodzi mwakachetechete, osamuchititsa manyazi.