Shuga ndi chithokomiro pa nthawi yoyembekezera: mayi wa ku Rumphi adye chiyani?

Mayi woyembekezera akauzidwa kusikelo kuti shuga wakwera m'magazi, maganizo amathamangira ku nsima. Wina amayamba kudzimana chakudya, wina amati poti akudyera awiri palibe chosintha. Onsewo akuika mwana pachiswe.

Shuga wa pamimba amayamba chifukwa mahomoni ochokera ku nsengwa amafooketsa mphamvu ya insulini, ndipo kawirikawiri amaonekera pakati pa sabata 24 ndi 28. Shuga wochulukayo amadutsa n'kukafika kwa mwana, mwanayo n'kukula mpaka kupitirira makilogalamu 4. Kuchira kumavuta. Kwa mayi wa ku Hewe kapena kumapiri a Phoka, amene ulendo wopita kuchipatala chachikulu cha Rumphi kapena ku David Gordon Memorial ku Livingstonia si wapafupi, imeneyi si nkhani yamasewera.

Chofunika kusintha ndi kagawidwe ka m'mbale, osati kugula zakudya zodula za m'sitolo. Theka la mbale likhale masamba: nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru. Mbali ina pakhale nyemba, mazira, usipa kapena nyama, ndipo nsima itenge malo otsalawo. Mgaiwa uposa ufa woyera chifukwa gaga amachedwetsa shuga kulowa m'magazi, komabe mitanda ikachuluka shuga amakwera ndithu. Kondowole wa kunyanja, ku Mlowe ndi ku Chiweta, ndiye wofunika kusamala naye kwambiri, chifukwa ndi wokhutitsa chabe. Kudya pang'ono kangapo patsiku kuposa kukhuta kamodzi madzulo, ndipo kuyendako pang'ono mukatha kudya kumathandiza. Chimene chimapusitsa ambiri ndi zakumwa. Thobwa, limene kuno amati chindongwa, timaliona ngati lopatsa mphamvu mayi wapakati, koma likakhala lotsekemera limakweza shuga msanga, chimodzimodzi tiyi wothira masipuni angapo a shuga. Zakudya zikalephera kutsitsa shuga, achipatala amapereka metformin kapena insulini, ndipo zimenezi si zochititsa manyazi.

Chithokomiro ndi nkhani yakale kumapiri a kumpoto kuno, kumene nthaka ili ndi ayodini wochepa. Kachiwalo ka pakhosi kamafuna ayodini kuti kapange mahomoni omanga ubongo wa mwana, ndipo miyezi yoyambirira mwanayo amadalira mahomoni a mayi ake okha. Bungwe la WHO limati woyembekezera amafunika mamaikulogalamu 250 a ayodini patsiku, pamene munthu wamkulu aliyense amafunika 150. Ambiri amaganiza kuti usipa ukwanira. Usipa ndi wabwino pomanga thupi ndi mafupa, koma nsomba za m'nyanja yathu zilibe ayodini wambiri ngati za m'nyanja zamchere. Chodalirika ndi mchere wa m'paketi wolembedwa kuti muli ayodini, wosungidwa m'botolo lotseka, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi. Sikuti muzithira wochuluka ayi, chifukwa mchere wambiri umakweza BP. Chinangwa chowawa chiviikidwe masiku okwanira, chiume bwino, chifukwa poizoni wotsalira amalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito ayodini.

Pali msampha wina umene umandidetsa nkhawa chifukwa sutchulidwa kawirikawiri. Mayi amene akumwa mankhwala a chithokomiro otchedwa levothyroxine akalandira mapiritsi owonjezera magazi kusikelo, n'zachibadwa kumwera zonse pamodzi m'mawa. Ayironi wa m'mapiritsiwo amatchinga mankhwala a chithokomiro kuti asalowe bwino m'thupi. Levothyroxine amwedwe m'mamawa m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi okha, ndipo owonjezera magazi adikire maola osachepera 4. Muyezo wa levothyroxine nthawi zambiri umafunika kuwonjezeredwa mimba ikangoyamba. Koma mayi amene mtima ukuthamanga, akutuluka thukuta ndi kuwonda ngakhale akudya, vuto lake lingakhale la mahomoni ochuluka, ndipo mchere sungathetse limeneli.

Abambo ndi apongozi, ndinu amene mumagula ndiwo ndi kugawa ufa pakhomo, choncho nkhaniyi ndi yanunso. Muperekezeni mayiyo kusikelo miyezi itatu isanathe, mukanene ngati kubanja kuli shuga, ngati khosi latupa kapena ngati anaberekapo mwana wamkulu kwambiri, ndipo mupemphe kuti amuyeze shuga.