Kodi maungu amasukulutsa mavwende?

Pa msika wa Chitakale mlimi wina adandidandaulira kuti mavwende ake adasukuluka chifukwa mnzake adabzala maungu m'malire. Ambiri amakhulupirira zimenezi, koma alimi anzanga, maungu alibe mlandu.

N'zoona kuti mbewuzi ndi za banja limodzi. Mavwende, kayimbe, nkhaka, zipwete, maungu, mphonda ndi chinkhupule zonse zimayanga, ndipo zimadalira tizilombo monga njuchi kuti titenge mungu pa duwa lachimuna kukausiya pa lachikazi. Duwa lachikazi mumalizindikira ndi kachipatso kamene kamakhala kunsi kwake. Koma chibale chake n'chapatali. Mavwende kwawo ndi kuno ku Africa, pamene maungu adachokera ku America. Mungu wa dzungu sungabereketse vwende, monga momwe tonde sangabereketsere ng'ombe. Ngakhale nkhaka ndi kayimbe, zimene zili pachibale chapafupi, sizikwatirana.

Nanga chimasukulutsa mavwende n'chiyani? Vwende limafuna dzuwa ndi kutentha, n'chifukwa chake a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amatsekemera. Kuno ku Mulanje mvula ndi yambiri, mitambo siichedwa kuphimba phiri, ndipo masamba amagwidwa matenda msanga. Masamba akawauka chipatso chisanakhwime, shuga sakwanira. Enanso amathyola osapsa pothamangira msika. Ine ndimalangiza kuti mavwende muzibzala kudimba chisanu chikatha, cha mu Ogasiti, kuti apse ndi dzuwa la mu Okotobala ndi Novembala.

Pofunika kusamala ndi pa mitundu ya mbewu imodzimodzi. Sugar Baby, vwende laling'ono lozungulira la khungu lobiriwira kwambiri, amakwatirana mosavuta ndi Charleston Gray, lalitali lotuwa lija. Chipatso cha chaka chomwecho sichisintha konse. Chimasintha ndi nthanga za m'kati, ndiye mukazibzala chaka chinacho mumakolola zosadziwika mtundu, zimene wogula pa Limbuli adzakunenererani mtengo wochepa.

Pa mphonda nkhaniyi ndi yoopsa. Mphonda zodya ndi zipanda zimene timapangira zikho ndi mbewu imodzi, ndipo zipanda zina zimakhala zowawa. Zikakwatirana, mbewu yosungayo ikhoza kubereka mphonda zowawa. Kuwawako ndi poizoni, amatsegula m'mimba ndi kusanzitsa, ndipo kuphika sikumuchotsa. Lawani kachidutswa musanaphike, ikawawa tayani, musapatse ana.

Akatswiri a mbewu amatalikitsa mitundu ndi mamita mazana angapo. Kwathu kuno, kumene minda ndi yaing'ono ndipo yapanikizika pakati pa maesiteti a tiyi, zimenezo sizingatheke. Njira yake ndi ya manja. Madzulo sankhani duwa lachikazi ndi lachimuna a mtundu umodzi amene akuoneka kuti atseguka mawa, muwamange kunsonga ndi kaluzi. M'mamawa thyolani lachimunalo, chotsani timasamba take, mukhudzitse mungu pakati pa lachikazi, kenaka mulimangenso kuti njuchi zisalowe. Mangani kansalu pa phesi kuti mudzalizindikire pokolola. Pa maungu ndi posavuta poti maluwa ake ndi aakulu, koma pa mavwende pamafunika dzanja lofatsa. Mphonda zimatsegula maluwa madzulo, choncho muzimanga m'mawa n'kugwira ntchitoyi dzuwa likamalowa. Zipatso zitatu kapena zinayi zotere zikukwanirani mbewu ya chaka chamawa.