ZIMENE ZIMASINTHA NYENGO ZA DZIKO LAPANSI

Akuluakulu a kumudzi amakonda kunena kuti mvula ya masiku ano siiri ngati ya makedzana. Anyamata ena ophunzira amaseka mau amenewa, poyesa kuti nyengo zinakhala cikhalire monga ziri lero. Koma sikutero ai. Nyengo zakhala zirikusinthika kuyambira kalekale, munthu asanapange makina ali onse, ndipo mphunzitsi ayenera kudziwa zifukwa zace.

Tiyambe taona umboni. Zaka 20,000 zapitazo madzi oundana anakuta dziko la Canada ndi kumpoto kwa Ulaya, ndipo nyanja zamcere zinatsika mamita 120. Zaka 8,000 zapitazo cipululu ca Sahara cinali dziko la msipu. Kufikira lero pa matanthwe a ku Tassili, m'dziko la Algeria, pali zithunzi za ng'ombe ndi njobvu. Kwathu kuno, m'caka ca 2005, akatswiri anaboola matope a pansi pa Nyanja ya Malawi, napeza kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo madzi ace anaphwa mamita mazanamazana.

Cifukwa coyamba ndico mayendedwe a dziko pozungulira dzuwa, amene anawawerengera bwino Milutin Milanković wa ku Serbia. Njira ya dziko nthawi zina imakhala yozungulira ngati licero, nthawi zina imatalika pang'ono ngati dzira, ndipo kusinthaku kumatenga zaka 100,000. Dziko limayenda copendekeka, ndipo kupendekekako kumakula ndi kucepa pa zaka 41,000. Limagwedezekanso ngati nguli yofuna kugwa, pa zaka monga 26,000. Zitatuzi zimasintha magawidwe a dzuwa. Malimwe a kumpoto akazizira, madzi oundana satha kusungunuka onse. Amaunjikana caka ndi caka, ndipo popeza ngoyera amabweza kuwala kwa dzuwa, dziko nilinka lizizirabe. Malimwewo akatentha, mphepo zocokera kunyanja zimatengera mvula m'kati mwa Sahara. Matope a pansi pa nyanja zamcere anatsimikiza mawerengedwe amenewa m'caka ca 1976.

Caciwiri ndico mapiri ophulika moto. Phiri likaphulika kwakukuru limaponya mpweya wa sulfure kumwamba kutalitali, ndipo umenewo umayala ngati nkhungu nucinjiriza dzuwa. Phiri la Tambora ku Indonesia linaphulika m'April 1815. Caka cotsatira mbeu zinakanika ku Ulaya ndi ku North America cifukwa ca cisanu, anthu nabvutika ndi njala. La Pinatubo ku Philippines, mu 1991, linaziziritsa dziko lonse monga theka la digiri. Koma nkhungu yotere imatha pa zaka ziwiri kapena zitatu.

Cacitatu ndico nyanja. Pakapita zaka ziwiri kufikira zisanu ndi ziwiri, madzi a kum'mawa kwa Pacific amafunda koposa masiku onse, ndipo mphepo za mvula zimasintha njira. Ici ndico cimachedwa El Niño. Kawirikawiri cimacepetsa mvula kum'mwera kwa Afrika, monga zinacitika pa cirala ca 1992 ndi ca 2016.

Tsono wophunzira wocenjera adzafunsa kuti, “Nanga kutentha kwa masiku ano sikuli kwa cilengedwe komweko kodi?” Musamdzudzule mwana wotere, koma muyese naye zifukwazo cimodzicimodzi. Kuyambira caka ca 1850 dziko latentha koposa digiri imodzi. Mayendedwe a dziko sangacite zotere pa zaka zosakwana 200, pakuti nchito yace njapang'onopang'ono. Mapiri amaziziritsa, satenthetsa. El Niño amadza napita. Mphamvu ya dzuwa nayonso, imene yakhala irikuyesedwa ndi makina a mumlengalenga kuyambira 1978, siinakule. Cotsala ndico mpweya woturuka potentha malasha ndi mafuta, ndi poononga nkhalango.

Cifukwa cace, aphunzitsi anzanga, mwana ayambe wadziwa nchito ya cilengedwe ndi nthawi imene imatenga. Akatero adzatha kuzindikira yekha nchito ya manja a munthu.